Mkangano wa nyanja ukufuna ofufuza athuathu

Mabungwe akunja amalengeza kawirikawiri ndalama zothandizira ofufuza za nkhondo ndi mtendere. A Rotary amatumiza anthu kukaphunzira ku yunivesite ya Makerere ku Uganda, a African Peacebuilding Network amapereka thandizo lawo kuchokera ku New York. Sindikuwanyoza ayi. Koma mwini ndalama ndiye amasankha funso, ndipo funso lathu ife lili pamadzi pomwe msodzi wa ku Usisya amakokera chilimira usiku, nyali zili ngwee.

Dziko la Malawi limati malire ake ndi Tanzania ali m'gombe la tsidya lija la nyanja ya Malawi, potengera pangano la Heligoland lomwe Britain ndi Germany adasainirana mu 1890. A Tanzania amati malire adutse pakati pa nyanja, monga zilili kumbali ya Mozambique kuyambira 1954. Nkhaniyi idabuka mwamphamvu mu 2012, boma la Malawi litapatsa kampani ya Surestream chilolezo chofufuza mafuta chaka cha 2011. Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae adakhala amkhalapakati, koma zokambirana zidaima mu 2014. Chiyambire apo timangodzidzimuka anzathu akatulutsa mapu atsopano kapena akayamba kumanga doko ku Mbamba Bay. Nduna n'kulemba kalata, kenako zii.

Pangano la Heligoland lija ndi lolimba, inde. Komabe pa milandu ya malire oweruza amayang'ananso mmene maiko akhala akuchitira pamalopo: ankalondera ndani, ankapereka ziphaso ndani, adadandaulapo liti. Umboni woterewu uli m'mafaelo akale ku Zomba, ku London ndi ku Berlin. Wina uli m'mitu mwa madala a ku Chintheche ndi Kande, omwe amadziwa komwe makolo ankakagwira usipa, mmene a tsidya ankawalandirira mphepo ikawakankhira kumeneko, ndi mmene mafumu ankaweruzira milandu ya pamadzi. Madalawa akutha, ndipo wofufuza wobwera ndi womasulira kwa sabata imodzi sangawamve bwino. Pakufunika mwana wodziwa Chitonga, wokhala nawo pagombe mpaka atamuzolowera.

Ana oterewa alipo. Yunivesite ya Mzuzu, pamtunda pomwepa, imaphunzitsa za mtendere ndi chitetezo. Lamulo lokhazikitsa komishoni ya mtendere ndi umodzi lidadutsa mu 2022. Chosowa ndi thumba la boma loti wophunzira akhale chaka chathunthu akufufuza za nyanjayi osadera nkhawa za lendi ndi thiransipoti.

Musandiuze kuti ndalama kulibe. Mabwana amabwera ku malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja yomweyi kudzachita misonkhano, n'kusainira maalawansi, osafika ngakhale pomwe amayi akuyanika usipa pathandala. Unduna woona za ubale ndi maiko akunja udule misonkhano iwiri yokha pachaka, ndalamazo zipite kwa ofufuza, ndipo zomwe apeze zikawerengedwenso pamaso pa mafumu ndi asodzi omwe adawafunsa.