Bwana akalakwitsa, wolipira musakhale inu

Ambiri mwa inu simugwira ntchito m'makampani akuluakulu. Bwana wanu ndi banja la ku Randburg lomwe lili ndi wantchito mmodzi, kapena mlimi wa ndiwo zamasamba kunja kwa Johannesburg. Mabwana otere akaphwanya malamulo a ntchito amati sankadziwa. Mwina n'zoona, koma kusadziwa kwawoko kumabowola thumba lanu.

Cholakwa choyamba chili pa malipiro. Pa 1 Malichi 2025 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa R28.79 pa ola, ndipo limawaunika chaka ndi chaka. Kuyambira 2022, wogwira ntchito m'nyumba ndi wa pafamu ayenera kulandira mlingo womwewo ngati wina aliyense. Komabe alipo mabwana amene akulipirabe za kale, nkumati chipinda chogona chikukwaniritsa zotsalazo. Kwa wantchito wa m'nyumba, lamulo sililola kudula zoposa 10 peresenti chifukwa cha chipinda.

Chachiwiri ndi kulemba munthu ntchito pakamwa pokha. Lamulo limafuna kuti mupatsidwe pepala lofotokoza ntchito, maola ndi malipiro anu, komanso payslip nthawi iliyonse mukalandira.

Chachitatu ndi kusakulembetsani ku UIF ndi ku Compensation Fund, thumba lolipira ovulala pa ntchito. Mu 2012 mayi Maria Mahlangu adamira m'dziwe losambiramo la pakhomo pomwe ankagwira ntchito ku Pretoria. Mwana wawo Sylvia adalimbana mpaka mu Novembala 2020, pamene Constitutional Court idagamula kuti antchito a m'nyumba nawonso atetezedwe ndi thumbali. Bwana wosakulembetsani akunyozera chigamulo chimene chidabwera ndi maliro.

Chachinayi ndi kuganiza kuti mlendo alibe mawu. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khoti la zantchito lidagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chatha ndi wantchito ndithu, ndipo CCMA ingamve dandaulo lake. Simulipira kanthu kumeneko, koma mukachotsedwa ntchito mopanda chilungamo muli ndi masiku 30 okha.

Tikukupemphani chinthu chimodzi: gulani kope. Tsiku lililonse lembani nthawi yomwe mwayamba ndi yomwe mwaweruka, ndi ndalama zomwe mwalandira. Sungani mauthenga a bwana a pa WhatsApp. Kenako mufunseni mwaulemu nambala ya UIF, pakuti safunsa adadya phula. Bwana wolakwitsa mosadziwa adzakonza. Winayo mudzakumana naye ku CCMA, kope lanu lili m'manja.