Phiri Silifunsa Mtengo wa Nsapato

Akuluakulu akale adati kuthamanga sikufika. Mwambi umenewu umanenedwa kwa munthu waphuma, woyesa kuti kuyamba ndi liwiro ndiye kumaliza ntchito. Masiku ano mwambiwu wapeza eni ake enieni, pakuti kwabuka magulu a achinyamata, makamaka a m'tauni, okonda kuthamanga m'mapiri ndi m'tinjira ta m'thengo. Chimenechi n'chinthu chokoma, ndipo palibe gogo wanzeru angadandaule poona mdzukulu wake akukhetsa thukuta pa Michiru m'malo motha tsiku pamalo omwera mowa. Koma pamodzi ndi masewerawa kwafika chiphunzitso chonama chimene chiyenera kuzulidwa chisanazike mizu. Chiphunzitsocho chimati kuthamanga m'mapiri ndi masewera achilendo obwera ndi intaneti, ndipo munthu sangawayambe asanagule nsapato za mtengo wa matumba angapo a feteleza, wotchi yowerenga mtunda ndi timapaketi ta zakudya zochokera kunja. Bodza limeneli likutsekera kunja ana a anthu osauka, ndiponso likunyozetsa akatswiri amene adadziwa mapiri ogulitsa nsapatowo asanabadwe.

Wokayika apite ku Mulanje m'nyengo yachisanu, pamene kumachitika mpikisano wa Porters Race, womwe kawirikawiri umagwa m'mwezi wa July. Mpikisanowu udayamba m'zaka za m'ma 1990, ndipo dzina lake likutchula lokha eni ake, omwe ndi anthu osenza katundu wa alendo ndi owalondolera njira m'phirimo. Pambuyo pake khomo lidatsegulidwa kwa aliyense, abambo ndi amayi, a m'dziko muno ndi akunja omwe. Othamanga amanyamukira pa Likhubula, n'kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 1,000 kufika ku Chambe, n'kudutsa pamwamba kulowera ku Lichenya, kenaka n'kutsetsereka kubwerera pa Likhubula pomwe paja. Mtunda wake umaposa makilomita 20. Mlendo woyenda mwachifatse amagona m'phiri paulendo womwewo, koma opambana amaumaliza m'maola osakwana atatu. Ndipo opambanawo nthawi zambiri amakhala ana a m'midzi ya m'munsi mwa phirilo. Kwa zaka zambiri ena a iwo akhala akuthamanga opanda nsapato, ena ndi nsapato zakutha za pakaunjika, n'kusiya m'mbuyo alendo ovala zonyezimira kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Miyendo yotere sidagwe kumwamba. Lamya isanafike m'midzi, uthenga wa maliro unkayenda ndi anyamata amene ankadula mapiri ndi madambo usiku kuti abale akutali afike mtembo usanalowe m'manda. M'nthawi ya atsamunda, magalimoto asanachuluke, makalata ankachoka boma lina kupita boma lina pamiyendo ya amtokoma. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna zikwizikwi a m'dziko muno adatengedwa kukakhala amtengatenga, kusenza katundu wa asilikali mitunda yosaneneka, ndipo ambiri adatsikira kulichete ali m'njira. Ku Mulanje komweko anthu akhala akutsika phiri atasenza matabwa pamutu, m'njira zimene mlendo amagwira pansi ndi manja. Mwana wa sukulu wochedwa, wothamangira belu kutsidya kwa mtsinje, adali wothamanga wa m'tinjira ngakhale panalibe womupatsa dzinalo. Zambiri mwa izi zidabwera ndi umphawi ndi nkhanza, ndipo palibe woyenera kuzilakalaka kuti zibwerere. Koma zikuchitira umboni kuti luso loyenda m'mapiri ndi la kwathu kuno. Chachilendo ndi nambala yomata pachifuwa ndi mendulo basi. Edson Kumwamba, amene adatchuka m'mipikisano ya m'mapiri ku South Africa, ndi mwana wa ku Mulanje, ndipo miyendo yake idakhwimira kumeneko.

N'chifukwa chake zimamvetsa chisoni kuona mnyamata wamphamvu zake akungoonerera anzake pa Facebook, n'kumati adzayamba akadzapeza nsapato zoyenera. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Winanso nsapatozo ali nazo, wotchi ali nayo, kachikwama ka madzi ali nako, koma phiri amalikwera kamodzi pamwezi kuti akajambulitse chithunzi pansonga. Wotereyu ndiye chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choipitsitsa n'chakuti amene ali nazo zipangizo amayamba kuyang'ana mapazi a anzawo asanawapatse moni, kotero kuti wobwera ndi nsapato zong'ambika amachita manyazi n'kuleka kubwera. Gulu limene limathawitsa mwana waluso chifukwa cha chovala ladzidula lokha miyendo.

Alipo amene angayankhe kuti nsapato yabwino imateteza phazi ku miyala ndi minga, ndipo kutamanda kuthamanga opanda nsapato n'kukometsa umphawi. Pamenepa akunena zoona, ndipo nkhani ya Abebe Bikila wa ku Ethiopia ikuwavomereza. Mu 1960 iye adapambana mpikisano wa marathoni pa masewera a Olimpiki ku Rome wopanda nsapato, atathamanga makilomita 42 m'maola awiri ndi mphindi 15. Mu 1964 adapambananso ku Tokyo atavala nsapato, ndipo nthawi yake idatsika kufika pa maola awiri ndi mphindi 12. Tsono nsapato sizidamulepheretse, ndipo kusowa kwake sikudamugwetse, chifukwa chimene chidapambana ku Rome ndi ku Tokyo komwe ndi zaka zimene adakhala akuzolowetsa thupi lake. Nsapato yofunika m'phiri ndi yokwana bwino, yosiya mpata pang'ono kutsogolo kwa zala kuti zikhadabo zisafe potsika, ndi yokhala ndi mano kuphazi kwake kuti isaterere pathanthwe lonyowa. Yotere imapezeka pakaunjika kwa munthu wodziwa kusankha. Ndipo kaya ndi yotsika mtengo kaya ndi yodula, nsapato yatsopano saivalira tsiku la mpikisano, chifukwa imatulutsa matuza munthu asanafike pakati pa njira.

Chodabwitsa n'chakuti okonda kukamba za zipangizo amaiwala zipangizo zimene zimapulumutsa moyo. Phiri limazizira kuposa kumunsi, pafupifupi madigiri asanu ndi imodzi pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Ku Mulanje, kumene nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, chiperoni chimatha kugwa mwadzidzidzi pakati pa May ndi August, nkhungu n'kuphimba njira, mvula yamawawa n'kunyowetsa zovala. Munthu wathukuta amene wabinya mwendo n'kukhala pansi m'mphepo yotere thupi lake limazizira msanga, nzeru n'kusokonekera. Izi si nthano zoopsezera ana. Mu May 2021, m'chigawo cha Gansu ku China, othamanga 21 adafa pampikisano wa makilomita 100 atagwidwa ndi mphepo, matalala ndi mvula yozizira ali ndi timalaya topyapyala, ndipo ena mwa iwo adali akatswiri odziwika. Tsono chofunika kunyamula ndi jekete yotchinga mphepo ndi mvula, madzi, kachakudya, tochi, wezulo yoitanira thandizo ndi foni yokhala ndi moto. Zonsezi pamodzi sizifika pa mtengo wa wotchi ija. Kuwonjezera apo, munthu asiye mawu kunyumba za njira imene walowera ndi nthawi yobwerera, ndipo m'phiri lachilendo atenge wolondolera njira wa komweko. Safunsa adadya phula.

Kakonzekeredwe ka thupi nakonso makolo adakaphunzitsa kale pamene adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Woyamba kumene athamange masiku atatu kapena anayi pamlungu, paliwiro loti angathe kucheza ndi mnzake osabanika, ndipo awonjezere mtunda pang'ono chabe mlungu uliwonse. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma mitsempha, mawondo ndi akakolo zimatenga miyezi, ndipo ndi pamenepo pamene aphuma amavulalira. Tsiku limodzi pamlungu likhale la ulendo wautali, lina la zitunda, kukwera kachitunda kamodzi kangapo n'kumatsika mwachifatse. Tsiku lopuma lisaonedwe ngati ulesi, pakuti thupi limamanga mphamvu pamene lapuma. Pachitunda choimirira palibe manyazi kuyenda, manja ali pamawondo, popeza ngakhale akatswiri amatero posunga mpweya. Kutsika ndiko kumaphwanya ntchafu, ndipo amene sadakuyeserere amadzuka mawa lake akulephera kukhala pampando. Potsika mapazi aponyedwe pafupipafupi, maso ayang'ane patsogolo pang'ono posankha popondapo, manja atambasuke kuti thupi lisapendeke. Wokhala ku Blantyre ali ndi Michiru, Ndirande ndi Soche. Wa ku Zomba ndi wa ku Dedza phiri lili pakhomo. Wa ku Lilongwe angapite ku Bunda kapena ku Nkhoma. Tsiku la mpikisano likafika, ayambe modekha ndi kuwaleka aphuma apite, pakuti ambiri a iwo adzawapeza atakhala pamwala ku Lichenya. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za chakudya nazonso palibe chifukwa chodikira zochokera kutsidya kwa nyanja. Timapaketi todula tija m'kati mwake mumakhala shuga ndi kamchere, zinthu zimene zili m'khitchini iliyonse. Nsima kapena mpunga madzulo, phala kapena mbatata m'mamawa kukadali maola awiri kapena atatu kuti liwiro liyambe, nthochi ndi mtedza wokazinga m'thumba, thobwa pomaliza, zimenezi zimamufikitsa munthu. Paulendo wautali wa thukuta lambiri, madzi othira shuga ndi kamchere pang'ono amabwezeretsa zimene thupi lataya. Lamulo ndi lomwe lija la nsapato, lakuti chakudya chachilendo sachiyesera tsiku la mpikisano, chifukwa m'mimba mukavuta pakati pa phiri palibe wokuthandiza.

Palinso mlandu wina waukulu kuposa wa nsapato, ndiwo wa ulemu. Kwa Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao okhala mozungulira Mulanje, phirilo ndi malo a mizimu ya makolo, ndipo n'chifukwa cha chikhalidwe chimenechi kuti mu 2025 bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Akuluakulu a kumeneko amasimba kuti munthu akapeza chakudya chokonzedwa m'phiri adye mwakachetechete, osaitana mnzake ndiponso osatengako kupita nacho kumudzi. Kaya wina akhulupirire kaya asakhulupirire, phunziro lake n'lomveka, lakuti m'phiri munthu ndi mlendo, salongolola ndipo satenga zoposa zimene wapatsidwa. Nanga wothamanga amene amasiya mabotolo ndi majumbo pa Dziwe la Nkhalamba waphunzira chiyani? Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lino, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha nkhwangwa ndi moto, ndipo anthu a ku Mulanje ndi Phalombe sadzaiwala miyala ndi matope zimene zidatsika m'phiri ndi namondwe wa Freddy mu March 2023. Wokonda kuthamanga m'phiri ayenera kukhala woyamba kubzala mtengo ndi kuzimitsa moto. Ulemu womwewo upitenso kwa osenza katundu. N'zochititsa manyazi kuona munthu wovala nsapato zodula akunenerera malipiro a bambo amene wamusenzera chikwama tsiku lonse, n'kumamuitana ngati mwana, pamene bamboyo ndiye mphunzitsi wake wa njira, wa nyengo ndi wa kaponyedwe ka phazi. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma eni phiri amatsala pomwepo.

Tsono magulu a othamanga achite zooneka ndi maso. Amene ali ndi nsapato ziwiri apereke imodzi kwa mwana waluso wa m'mudzi umene amadutsamo. Okonza mipikisano aike ndalama yolowera imene mlimi wa m'munsi mwa phiri angaikwanitse, ndipo mphoto ya amayi ilingane ndi ya abambo, popeza chitunda chimene akwera n'chimodzi. Atsikana apatsidwe malo m'magulumo ndi kuyenda nawo motetezeka, osawasiya okha m'mbuyo m'njira za m'thengo. Ndipo mdzukulu aliyense amene wakhala akudikira nsapato zoyenera adzuke mawa m'bandakucha, avale zimene ali nazo, apatse moni akuluakulu amene akumane nawo m'njira, n'kuyamba ndi kachitunda ka kuseri kwa nyumba. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo adzawakumbuka tsiku limene adzafike pa Likhubula ndi miyendo yake yomwe, mpweya ukadalipo.