Kamera si mlonda

Masiku ano eni magolosale ambiri akuika makamera a CCTV poopa akuba. N'zabwino, koma ena akungotaya ndalama chifukwa choika mwachisawawa.

Choyamba, sinthani pasiwedi yomwe yabwera ndi kamerayo. Mu 2016 vayirasi ya Mirai idalowa m'makamera ankhaninkhani olumikizidwa ku intaneti chifukwa eni ake adasiya mapasiwedi akufakitale.

Chachiwiri, lumikizani kamera ndi bokosi losunga zithunzi ku batire, poti mbala imakonda nthawi yomwe magetsi azima. Bokosilo libiseni, chifukwa wakuba akalinyamula umboni wonse wapita.

Kamera iloze pakhomo ndi pakauntala panu, osati kubafa kwa aneba. Ndipo mlonda musamuchotse ntchito. Kamera imaona, koma siikuwa.