Khonde la matabwa limayamba kuonongekera kunsi

Tsiku limene mwendo wa abambo aakulu unalowa m'khonde la azakhali, ine ndinali nditanyamula thireyi ya makapu a tiyi. Linali Loweruka la mwezi wa Malichi, achibale atasonkhana ku Area 43 kudzakambirana za chinkhoswe cha msuweni wanga. Abambo aakulu, omwe ndi mwinimbumba, anangoimirira kuti ayankhe foni, kenako tinangomva kuti phwa! Thabwa lathyoka, mwendo walowa mpaka m'bondo. Msomali wa dzimbiri unawang'amba pamsongolo, ndipo zokambirana za chinkhoswe zinathera kuchipatala kokabayitsa jakisoni wa kafumbata.

Palibe anandikalipira tsikulo. Koma aliyense ankadziwa kuti nzeru yomanga khondelo inachokera kwa ndani.

Nditamaliza sukulu ya ukachenjede ndinkakhala kuboyizikota kwa azakhali, omwe anali atangopuma ntchito ku Capital Hill. Nyumba yawo ndi imodzi mwa zija zamakedzana zokhala ndi bwalo lalikulu, mitengo yamthunzi, ndi kakhonde ka simenti kopaka polishi wofiira. Ine kakhondeko ndinkakaona ngati kachikale. Foni yanga inali yodzaza ndi zithunzi za pa Pinterest za makonde a matabwa, omwe ena amati madeki, ngati aja timakhalapo kumalo ogona alendo ku Senga Bay tikupenya nyanja. Tsiku ndi tsiku ndinkawaonetsa azakhali mpaka anagonja. Anatapa pa ndalama zawo za penshoni, ine n'kupeza kalipentala pa Facebook, uja amene anatchula mtengo wotsika kuposa onse. Matabwa a paini tinagula tokha, pasanathe milungu iwiri khonde laima, vanishi ali waliwali. Chithunzi chake chinandipezera ma like ambiri kuposa cha tsiku langa la graduation.

Khondelo linangopirira nyengo ziwiri za mvula basi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngozi itachitika, mnzawo wa azakhali wa kutchalitchi anatitumizira kalipentala wachikulire wa ku Mchesi. Ndinkayembekezera kuti ayamba n'kuyendera pamwamba. Ayi ndithu. Anapempha tochi ndi sikuludiraiva, n'kugona chamimba pa udzu, n'kukwawira kunsi kwa khonde. Patapita kanthawi anandiitana.

"Mwana wanga, tagwada apa uone wekha."

Anabaya nsanamira imodzi ndi sikuludiraiva ija, ndipo inangolowa ngati akubaya mbatata yophika. Kunja nsanamirayo inkaoneka yabwinobwino, m'kati munali dothi lokhalokha.

"Koma abambo, si tinapaka vanishi kawiri konse?"

Anaseka. "Munapaka poonekera alendo. Chiswe sichidzera kumene kumadzera alendo."

Zimene ndinaphunzira kwa bambo ameneyu m'masabata otsatira ndi zomwe ndikufuna ndikugawireni, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a inu zithunzi zomwezija muli nazo m'mafoni.

Thabwa ndi dothi sizigwirizana

Cholakwika chathu chachikulu chinali chakuti nsanamira zinangokumbiridwa m'nthaka ngati mitengo ya mpanda wa kudimba. Aliyense wokhala mu Lilongwe amadziwa zulu zomwe zili mbwee m'mabwalo a ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, komanso ngumbi zomwe zimadzaza pa magetsi mvula yoyamba ikagwa. Chiswe chimakhala m'nthaka ndipo chimafuna chinyezi. Chikafuna kukwera chimamanga tinjira tadothi, n'kumadya thabwa kuyambira m'kati, kunja n'kusiya chikhungwa chokha. N'chifukwa chake thabwa limaoneka lamoyo mpaka tsiku lomwe munthu wolemerako waliponda.

Nsanamira iyenera kukhala pa phaka la konkire lotumphuka pamwamba pa nthaka, ndipo ngati n'kotheka ikhale pa kachitsulo kuti isakhudze ngakhale konkireyo. Izi sizithamangitsa chiswe, koma zimachikakamiza kumanga njira yake poyera, pamene mungaione n'kuigumula. Kunsi kwa khonde kukhalenso kopita mphepo komanso koti munthu n'kusuzumirako. Ife tinatsekako ndi matabwa mbali zonse kuti kuzioneka bwino, osadziwa kuti tikumangira chiswe nyumba yamdima ndi yachinyezi.

Madzi apeze potulukira

Kuno pafupifupi mvula yonse ya chaka imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo, kenako kumabwera miyezi youma, n'kudzafika dzuwa la Okutobala lija loswa mtengo. Thabwa limafufuma likamwa madzi, n'kufota likauma. Chaka ndi chaka limatero, ndiye limapindika, kung'aluka, n'kumazula misomali.

Kalipentala woyamba uja anagundanitsa matabwa kwambiri, ati kuti ndalama zachitsulo ndi makiyi zisamagwere pansi. Zotsatira zake madzi ankadikha pamwamba, ndere n'kumera, khonde n'kumaterera. Pakati pa thabwa ndi thabwa pamafunika mpata wa mamilimita 5 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo amisiri ambiri amangoika msomali waukulu pakati ngati muyeso. Mitanda yonyamula matabwa isatalikirane kupitirira masentimita 40 ngati matabwawo ndi opyapyala, apo ayi khonde limanjanja mukamayenda. Onaninso kumene madzi a padenga amagwera. Athu ankatsika m'malata n'kumamenya mzere umodzimodzi wa matabwa, ndipo thabwa lomwe linathyokalo linali pa mzere womwewo.

Mukugula thabwa lanji?

Matabwa ambiri omwe timawaona m'misika ya mu Lilongwe ndi a paini, ndipo dzina lomwe aliyense amalidziwa ndi Chikangawa, nkhalango ya pa mapiri a Viphya ya mahekitala pafupifupi 53,000. Mitengo ya kumeneko inabzalidwa poyembekezera fakitale ya zopangira mapepala yomwe sinamangidwe, n'kusanduka gwero la matabwa a dziko lonse. Paini ndi wopepuka, wosavuta kupala ndi kukhoma, ndipo pa denga kapena pa mipando ya m'nyumba amagwira ntchito bwino. Koma paini wosathira mankhwala mukamuika panja, pa mvula ndi pafupi ndi dothi, mwaperekera chiswe ndiwo. Athu analinso aawisi, olemera ndi madzi, ongochekedwa kumene. Thabwa lotere limafunika kulisanja pamthunzi, timitengo pakatipakati kuti mphepo izidutsa, liume kaye lisanakhomedwe.

Bulugamu ndi wolimba kuposa paini, koma amang'aluka msanga ngati sanaume bwino, ndipo amafuna kuboola kaye musanalowetse sikuluwu. Ena adzakuuzani kuti yankho ndi mlombwa kapena mbawa. N'zoona kuti mitengo imeneyi imapirira, koma ndi yachilengedwe, imatenga zaka zambirimbiri kuti ikule, ndipo lamulo la nkhalango lomwe linakhwimitsidwa mu 2020 silisekerera wopezeka ndi matabwa ake popanda zikalata. Wina akakunong'onezani za mkungudza wa ku Mulanje, umene chiswe sichiukonda, ingomukanirani. Umenewu ndi mtengo wa fuko lathu ndipo paphiri paja watsala pang'ono kutheratu. Si woti tiziupondaponda pa khonde pofuna chithunzi.

Chomwe chimathandiza ndi matabwa othiridwa mankhwala pa makina, omwe amakankhira mankhwalawo m'kati mwa thabwa. Ambiri amaoneka obiriwirako. Amasiyana ndi ongopaka ndi burashi, pomwe mankhwala amathera pakhungu. Pogula funsani ngati anawathira kuti akhale panja, ndipo paliponse pamene mmisiri wacheka apakepo mankhwala ena, chifukwa chinyezi chimalowera kumapeto kwa thabwa. Chenjezo limodzi lofunika: zidutswa za matabwa amenewa musasonkhezere moto wa kanyenya kapena wa mbaula, utsi ndi phulusa lake ndi poizoni. Mitengo yakuda ya fungo la phula, ngati ija ya mawaya a magetsi, ndi yabwino pa nsanamira, osati pamene ana amakwawa kapena kukhala. Oyilo wakutha wa galimoto, yemwe ambiri amamukhulupirira, amadetsa zovala, amaterera, ndipo mvula ikagwa amatsikira m'nthaka.

Misomali ndi vanishi

Msomali wamba ukanyowa umachita dzimbiri, n'kudetsa thabwa, n'kuyamba kutumphuka pamene thabwa likufufuma ndi kufota. Umene unavulaza abambo aakulu unali wotero. Panja pamafunika masikuluwu okutidwa kuti asachite dzimbiri. Ndi odula, makamaka chichokereni Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti n'kukweza mtengo wa chilichonse chochokera kunja. Ndinayenda m'mashopu a hadiweya a ku Old Town, kuyambira mumsewu wa Malangalanga, ndikuyerekeza mitengo mpaka mapazi kuwawa. Komabe sikuluwu ili ndi ubwino wina: thabwa limodzi likaonongeka mumangomasula n'kuikapo lina, osaphwanya oyandikana nalo.

Nanga vanishi uja ndinkamunyadira? Anali wa mipando ya pabalaza. Pa dzuwa amasweka n'kuyamba kusupuka, madzi n'kulowa m'ming'alu, n'kutsekeredwa kunsi kwake. Pa khonde pamafunika mafuta a matabwa a panja, olowerera m'kati, omwe sapanga chikhungwa pamwamba. Sawala ngati galasi, koma akatha mumangotsuka n'kupakanso.

Ntchito ya chaka ndi chaka

Khonde la matabwa lili ngati galimoto, limafuna sevisi. Nthawi yabwino ndi Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, matabwa atauma bwino mvula isanayambe. Tsukani ndi burashi yolimba ndi madzi a sopo, chotsani zinyalala m'mipata, lisiyeni liume masiku angapo, palani ndi sandipepa pamene pakhakhala, kenako pakani mafuta m'mawa kapena madzulo, osati dzuwa lili paliwombo. Pofuna kudziwa ngati nthawi yopakanso yakwana, dontheserani madzi pa thabwa. Akaima ngati mikanda, mafuta akadalipo. Akalowa n'kudetsa thabwa, pakani.

M'nyengo ya mvula sesani masamba asanaunjikane, ndipo miphika ya maluwa muiike pa timiyala kuti kunsi kwake kuziuma. Mvula ikatha, tengani tochi ndi sikuludiraiva. Bayani nsanamira, mitanda, masitepe ndi pamene khonde lalumikizana ndi khoma. Fufuzani tinjira tadothi. Ngati khonde ndi lalitali ndipo lili ndi chotchingira m'mbali, chigwedezeni mwamphamvu, ndipo mipata yake isapitirire masentimita 10 kuti mutu wa mwana usalowe.

Kwa anzanga a lendi, omwe ndife ambiri: musakhome kanthu pa khoma la eni musanagwirizane nawo polemba, chifukwa tsiku losamuka khondelo simudzalinyamula pamutu. Ndipo amene mukumanga panu, ngati khondelo ndi lalikulu kapena lokhala ndi denga, yambani mwafunsa kukhonsolo ya mzinda ngati pakufunika chilolezo.

Mmene zinathera kwathu

Titaphwasula, matabwa oti n'kugwiritsanso ntchito sanakwane ndi theka lomwe. Tsiku lowerengera ndalama zokonzera ndinalowa m'chipinda cha azakhali manja ali kumbuyo.

"Azakhali, pepani. Ndinakulowetsani m'mavuto ndine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndalama zinali zanga, ndipo ndinavomera ndekha. Koma ulendo uno uikapo zako, kuti pogula uzifunsa mafunso."

Ndinaikapo malipiro a miyezi ingapo ya ntchito zolembalemba. Khonde latsopanoli ndi laling'ono, pafupifupi theka la loyamba lija. Mafelemu ake ndi achitsulo, owotcherera ndi kupaka penti woletsa dzimbiri, ataima pa konkire. Pamwamba pali matabwa othira mankhwala, ndipo tinawonjezera malata kuti madzi a padenga azigwera kutali. Chinkhoswe chinachitikira pa udzu, mu tenti, ndipo abambo aakulu anayendetsa mwambo wonse ali ndi bandeji. Mpaka lero akabwera amayamba agogoda thabwa ndi ndodo yawo asanakwere, n'kundiyang'ana.

Chomwe chinandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti nzeru zonsezi ndinakula ndikuziona. Khonde la agogo kumudzi kwathu ku Dedza ndi ladothi, koma ndi lokwera kuti madzi oyenda asafikepo, denga limatulukira kunja kuti mvula isalimenye, ndipo agogo amalizira kawirikawiri asanadikire kuti ligumuke. Kakhonde ka simenti ka azakhali, komwe ndinkakanyoza, kakhala zaka zambiri kuposa ine ndipo sikanavulazepo munthu. Ngati ndalama zanu sizikukwana matabwa abwino, masikuluwu abwino ndi mafuta a chaka chilichonse, simenti ndi polishi wofiira si zochititsa manyazi ayi.

Ngati kwanu kapena kwa makolo kuli kale khonde la matabwa, Loweruka likubwerali valani zovala zogwirira ntchito, yatsani tochi ya pafoni, mugwade musuzumire kunsi. Muchite zimenezi musanaitane alendo.