Zomwe kusikelo sayeza

Amayi oyembekezera a ku Naisi ndi m'chigwa chonse cha Domasi, kusikelo amakuyezani magazi, malungo ndi HIV. Koma alipo mankhwala ena amene amalowa m'thupi mwakachetechete n'kusokoneza mahomoni, aja amawongolera kakulidwe ka mwana m'mimba. Kuwayeza kumafuna makina odula kwambiri.

Ku Limpopo, m'dziko la South Africa, anawayezapo mankhwalawa. Mu 2012 ndi 2013, akatswiri a ku University of Pretoria ndi anzawo a ku Berkeley anatenga magazi ndi mkodzo wa amayi oposa 700 odzachira pa chipatala cha Tshilidzini. Amayi okhala m'nyumba zopoperedwa DDT wophera udzudzu anapezeka naye wambiri m'magazi. Chopatsa chidwi n'chakuti omwe ankakolopa m'nyumba pafupipafupi anali naye wochepa, chifukwa DDT amabisala m'fumbi.

Kwathu kuno, ine chimandidetsa nkhawa ndi jumbo. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, koma pitani pachiwaya mukaone: tchipisi chamoto, mafuta ali chuchuchu, thii m'jumbo. Mbatata tikuvundikira ndi jumbo, mbaula tikuyatsira jumbo, mayi wapakati ali pompo kukupiza moto. Pulasitiki ikatentha imatulutsa mankhwala ake, ena mwa iwo ndi osokoneza mahomoni omwewa.

Ngakhale neti ili ndi mankhwala ophera udzudzu, musaisiye ayi, malungo ndiye amapha msanga. Koma abambo, kupopera tomato kudimba ikhale ntchito yanu, ndipo botolo la mankhwala lisagone m'chipinda. Amayi, vundikirani mphika ndi masamba a nthochi.