3I/ATLAS si chombo cha zolengedwa za kuthambo

Chiyambire pa 1 Julayi 2025, pamene telesikopu ya ATLAS ya ku Río Hurtado m'dziko la Chile inaona chinthu chachilendo kuthambo, mphekesera yakhala ikuyenda pa Facebook ndi pa WhatsApp yakuti chinthucho, chomwe anachitcha 3I/ATLAS, ndi chombo cha zolengedwa za kutali. Moto unakula Avi Loeb, pulofesa wa ku Harvard, atanena kuti mwina n'chochita kupanga. Ife tikukana. Imeneyi ndi nyenyezi ya mchira.

Kuti ndi mlendo, sitikutsutsa. Siizungulira dzuwa lathu, ikungodutsa, ndipo ndi chinthu chachitatu chotere kupezeka pambuyo pa ʻOumuamua mu 2017 ndi Borisov mu 2019.

Pa 6 Ogasiti 2025 telesikopu ya James Webb, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1.5 miliyoni kuchokera padziko, inaiyang'ana ndi kuwala kwa infrared, kumene maso athu sangakuone. M'kuwalaku mpweya uliwonse umasiya chizindikiro chakechake, ngati chidindo cha chala. Webb inapeza carbon dioxide, nthunzi ya madzi, carbon monoxide, tizidutswa ta madzi oundana ndi fumbi, zomwe nyenyezi za mchira zimatulutsa dzuwa likayamba kuzitenthetsa. Ntchito yotereyi imafuna telesikopu ya m'mwamba chifukwa mlengalenga wa dziko lathu uli ndi carbon dioxide wambiri amene amatchinga chizindikirocho chisanafike pansi.

Ofalitsa mphekesera amakakamira pa mfundo yakuti madzi anachepa. N'zoonadi, carbon dioxide anaposa madzi pafupifupi kasanu ndi katatu, ndipo izi zinadabwitsa ngakhale akatswiri a zakuthambo. Koma tsiku limenelo nyenyeziyi inali itatalikirana ndi dzuwa kuposa katatu mtunda umene dziko lathu latalikirana nalo. Kozizira choteroko madzi oundana amachedwa kusanduka nthunzi, pomwe carbon dioxide amakhala atayamba kale kutuluka. Komanso inabadwira pafupi ndi nyenyezi ina osati dzuwa lathu, ndiye tingayembekezere bwanji kuti ifanane ndendende ndi zakuno?

Ngakhale zakunozo sizifanana. Mu 2010 chombo cha NASA chitadutsa pafupi ndi nyenyezi ya mchira yotchedwa Hartley 2 chinaona carbon dioxide akutumphuka mwamphamvu, akukankha timibulu ta madzi oundana. Mu 2022 Webb yomweyi inayang'ana ina yotchedwa 238P/Read, nipeza madzi koma carbon dioxide osamuona n'komwe. Zinali zodabwitsa ndithu, koma palibe amene anaimirira kunena kuti Read inapangidwa ndi manja.