Galimoto yongokhala nayonso isinthidwe oyilo, tileke kudikira makilomita 5,000

Anzanga aphunzitsi, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga pano muli ndi galimoto zanu, pali bodza lina limene lamera mizu m'masitafurumu athu muno mu Ntcheu ndipo lero ndafuna ndilitsutse poyera. Bodzalo ndi lakuti galimoto ikakhala kuti siyendayenda, oyilo wake amakhala ali bwinobwino mpaka nambala imene makaniko analemba pa kapepala ka sevisi ikwane. Ndalimva kwa aphunzitsi a masamu, kwa mahedimasitala, ngakhale kwa madalaivala a malole a sukulu amene amayenera kudziwa bwino kuposa tonsefe. Onse mawu ake ndi amodzimodzi: "Yayenda kuti galimotoyi? Makilomita sanakwane."

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mphunzitsi amakhala m'nyumba ya pasukulu, ku kalasi amapita wapansi. Galimoto imatuluka pakutha pa mwezi kupita pa boma kukatapa malipiro, Lamulungu kupita kutchalitchi, ndiye mwina kuchigayo. Tinene kuti pamwezi yayenda makilomita 100. Kuti ikwanitse makilomita 5,000 amene amakaniko ambiri amalemba, pafunika miyezi 50. Ndi zaka zinayi ndi miyezi iwiri zimenezo. Mwana wayamba Fomu 1, walemba MSCE, zotsatira zatuluka, oyilo akadali yemwe uja. Kodi pali kampani yopanga galimoto imene inanenapo kuti oyilo akhale mu injini zaka zinayi?

Mabuku a galimoto zathu zochokera ku Japan amabwera m'Chijapani, ndiye timangowasiya m'kabokosi ka kutsogolo pamodzi ndi malisiti akale. Koma zimene a Toyota amalemba kwawoko sizobisika. Kwa galimoto ya petulo yopanda turbo amati oyilo asinthidwe pa makilomita 15,000 kapena pakatha chaka chimodzi, chimene chayamba kukwana. Galimoto ikamagwira ntchito m'malo ovuta amati makilomita 7,500 kapena miyezi 6. Mawu akuti "chimene chayamba kukwana" ndi amene ife tinawataya m'njira pochokera ku Dar es Salaam. Ndipo malo ovutawo amawatchula: misewu yoipa ndi yafumbi, mapiri, kuliza injini nthawi yaitali galimoto ili chiimire, ndi maulendo afupiafupi osapitirira makilomita 8. Amene amakhala kwa Ganya, kwa Mpando kapena ku Tsangano andiuze chimene chikusowa pamenepo. Choseketsa n'chakuti mphunzitsi amene amangoyenda kuchoka pasukulu kukafika pamsika amaganiza kuti akuisunga bwino galimoto, pamene opanga ake amaika kayendedwe kameneko m'gulu limodzi ndi kukwera mapiri.

Amene ndinakuphunzitsani sayansi mukumbukira zimene tinkalemba pabolodi: mafuta akapsa mu mpweya wa okosijeni timapeza carbon dioxide ndi madzi. Madziwo si ochepa ayi. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso. Ambiri amatuluka ku ekizozi ngati nthunzi, n'chifukwa chake m'mawa mumaona madzi akudontha kumbuyo kwa galimoto. Koma utsi wina umadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kutsikira m'munsi mwa injini momwe mumakhala oyilo. Injini ikakhala yozizira, nthunziyo imasanduka madzi monga imachitira pa chivundikiro cha poto, n'kusakanikirana ndi oyilo. Komanso injini yozizira imamwa petulo wambiri kuposa amene ingatenthe, ndiye wina amatsetsereka n'kukalowa mu oyilo momwemo, n'kumusungunula. Mu injini ya dizilo mumalowanso mwaye.

Galimoto yoyenda ulendo wautali imadzichiza yokha pa vuto limeneli. Oyilo akatentha kufika madigiri 80 kapena 100 n'kukhala choncho kwa kanthawi, madzi ndi petulo uja zimauluka. Minibasi ya pakati pa Ntcheu ndi Lilongwe imatentha tsiku lonse, oyilo wake amatha ndi makilomita basi. Koma yathu ija ikafika pamsika, kamuvi ka pa dashibodi kangoyamba kumene kukwera, ndiye tazimitsa. Kamuviko kamayeza madzi a mu radiyeta, oyilo amachedwa kutentha kuposa madziwo. Ganizani m'mawa wa June kapena July ku Lizulu ndi ku Mlangeni, nkhungu ili tolo, manja akukanika kugwira choko. Madzi aja amatsala mu injini, amakumana ndi utsi n'kupanga asidi. Opanga oyilo amaikamo mankhwala olimbana ndi asidi ndi dzimbiri, koma mankhwalawo amatha. Akatha, asidi amayamba kudya zitsulo zofewa za mabering'i, galimoto ili phee pansi pa mtengo wa mango.

Apa ndiye ndifike pa mwambo umene umandinyansa kwambiri, wa kuliza galimoto Loweruka lililonse m'mawa kwa mphindi zisanu "kuti injini isagone". Pafupifupi m'laini iliyonse ya nyumba za aphunzitsi muli bambo mmodzi wochita zimenezi, kapu ya tiyi ili m'manja, ana ataima mozungulira. Achimwene, mphindi zisanuzo mwapanga madzi, mwawatsitsira mu oyilo, mwazimitsa asanauluke. Sabata yamawa mudzawonjezera ena. Ngakhale batire imene mukuti mukuitchaja sipindula kwenikweni ndi mphindi zisanu, pakuti sitata yadya kale moto poliza. Ngati mulibe mafuta oti muyende nawo, bwino muchotse waya wa batire n'kuisiya galimotoyo igone. Ngati muli nawo, ilowetseni mu M1 kamodzi kapena kawiri pamwezi, iyende mphindi 30 osaima, kulowera ku Biriwiri kapena ku Kampepuza, itenthe mokwanira. Petulo amene mumatha pa Maloweruka anayi aja akadakuthandizani pa ulendo umodzi woterowo.

Ena amanditsutsa ndi kachitsulo koyezera oyilo. Amakasolola, n'kundionetsa kuti oyilo sanatsike, mwina wakwera pang'ono, ndipo sanade. Oyilo sabereka, anzanga. Akakwera popanda wothira, dziwani kuti chalowamo ndi petulo kapena madzi. Nunkhizani kachitsuloko. Tsegulani chotsekera cha pamwamba pomwe timathirira oyilo, muyang'ane kunsi kwake. Mukapeza zoyera zonga chambiko, amenewo ndi madzi osakanikirana ndi oyilo. Mtundu wa oyilo sunena zambiri: wa mu injini ya dizilo amada patangopita masiku ochepa ali wabwinobwino, pomwe wa mu injini ya petulo akhoza kuoneka woyera mankhwala ake atafooka.

Amene amanditsutsa ndi nkhani ya ndalama ndiye ndimawamvetsera, chifukwa malipiro athu tonse tikuwadziwa. Oyilo ndi fyuluta zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu zimenezi inakwera, malipiro osatsatira. Mafuta atasowa mu 2011 ndi 2012, komanso m'zaka za 2022 mpaka 2024 pamene tinkagona pamizere, galimoto zambiri zinaimikidwa osati mwa kufuna kwa eni ake. Zonsezo n'zoona. Ndipo sindili kumbali ya makaniko amene amakuuzani kuti mubwere miyezi itatu iliyonse ngakhale galimoto isanalizidwe n'komwe. Ameneyo akugulitsa oyilo. Oyilo watsopano mu injini imene sikulizidwa sawonongeka msanga choncho. Chimene ndikunena ndi kamodzi pachaka, ndipo kwa amene maulendo awo onse ndi afupiafupi kapena a m'fumbi, kawiri. Galimoto zazing'ono monga Vitz, Passo ndi Sienta zimalowa malita atatu kapena anayi. Funsani mtengo wa malita anayi ndi fyuluta imodzi, kenako mufunse mtengo wa injini ina yoitanitsa kunja, pamodzi ndi msonkho ndi ndalama ya woimanga. Walira mvula walira matope. Tinafuna galimoto, ndiye oyilo wa pachaka ali m'gulu limodzi ndi inshuwalansi ndi COF, zimene timalipira galimoto iyende isayende chifukwa choopa apolisi apamsewu. Kusiyana kwake n'kwakuti pa rodibuloko palibe amene amasolola kachitsulo ka oyilo.

Pa fyuluta sinditalikitsa. Kuthira oyilo watsopano n'kusiya fyuluta yakale ndi kusamba n'kuvalanso malaya a thukuta. M'kati mwake mumatsala oyilo wakale, ndipo kapepala kosefera kakakhala nthawi yaitali m'chinyezi kamafooka. Ikatsekeka, muli kavalavu kamene kamatseguka kuti oyilo adutse osasefedwa. Sinthani zonse pamodzi. Ndipo oyilo wa m'mabotolo a zakumwa wogulitsidwa m'mbali mwa msewu, amene simukudziwa mgolo umene wachokera, musiyeni komweko.

Galimoto ya munthu ndi yake, akafuna kuiwononga ndi zake. Chimene chimandipweteka ndi galimoto za sukulu, chifukwa zambiri zinagulidwa ndi ndalama za makolo kapena zinaperekedwa ndi akufuna kwabwino amene sadzabweranso. Lole ya sukulu imatuluka kukatenga nkhuni, kukatula timu ya mpira, kunyamula chimanga cha ogonera, ndi pa maliro. Holide yonse imangokhala. Pa sukulu ina imene ndikuidziwa, pempho la dalaivala la sevisi linabwezedwa kangapo ndi yankho lakuti makilomita sanakwane, ndalama zipite kaye ku mapepala a mayeso. Tsiku lina injini inanoka ili ndi ana kumbuyo. Lero loleyo ili kuseri kwa labu, matayala anaphwa, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo makolo omwe aja anauzidwa kuti asonkhe ndalama ya hayala nthawi iliyonse timu ikamapita kukasewera. Pa msonkhano panalankhulidwa za ukalamba wa galimoto, za misewu, wina mpaka anatchula za ufiti. Palibe amene anafunsa tsiku limene oyilo anasinthidwa komaliza, ndipo m'buku la galimotoyo munalibe tsikulo. Jenereta imene timaidalira magetsi akazima nthawi ya mayeso a sayansi ili m'vuto lomweli: ilibe makilomita oti tiwerenge, ndiye imangoiwalika.

Nthawi zina mumaona alendo akudutsa pa M1 ndi galimoto zija zonga nyumba, zokhala ndi bedi ndi mbaula m'kati. Kwawo ku Ulaya ndi ku America galimoto zimenezo zimakhala miyezi yonse ya chisanu zitaimikidwa, ndipo langizo lodziwika kumeneko ndi lakuti oyilo asinthidwe galimoto isanagonekedwe, kuti isagone ndi asidi m'mimba. Ife timachita mosemphana: timaimika ndi oyilo wotha, n'kumati tidzasintha ikadzafuna kuyenda.

Ndiye kwa mahedimasitala, mabasala ndi a komiti ya makolo pempho langa ndi ili. Teremu yachitatu ikamatsekedwa mu July, lole ndi jenereta zisinthidwe oyilo ndi fyuluta zisanagone holide, ndipo ndalama yake ilembedwe mu bajeti ya chaka pambali pa choko ndi mapepala, osati kudikira dalaivala abwere kudzagwada. Makaniko akamalemba kapepala ka sevisi, mumuuze alembe zinthu ziwiri, makilomita ndi tsiku. Akakana kulemba tsiku, lembani nokha ndi cholembera chofiira chomwe mumachongera nacho mayeso. Oyilo wakaleyo musathire pansi kapena m'ngalande yopita kudimba. Muikeni m'chigubu chotseka bwino, mubwerere nacho kugaraja komwe mwagula watsopano.